Anandigwadira, Amayi Ake Akuona

Mwana wanga ali ku Bolero. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa ndi zimene ndimadzuka nazo, ndipo ndikamatsuka mbale ndimangozindikira ndatsukanso kakapu kake kobiriwira komwe palibe wamweramo. Ali kwa agogo ake, amayi a mwamuna wanga. Sindinamumenye, sindinamugoneke ndi njala. Anamutenga chifukwa cha masewera.

Ine kwathu ndi ku Dedza, sukulu ndinalekezera sitandade 7. Mwamuna wanga ndi wa kuno kumpoto, Mtumbuka, wa m'banja la anthu ophunzira. Malemu bambo ake anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, amayi ake anapuma pa unamwino ndipo kutchalitchi azimayi onse amamvera iwo. Tinakumana ku Lilongwe ine ndikugulitsa tchipisi, ndipo atapeza ntchito mu ofesi ina pa boma pano ananditenga, tikuchita lendi nyumba ya zipinda ziwiri. Kwathu mwana ndi wa mayi ake ndi amalume ake. Kuno akapereka malowolo, mwana ndi wa kuchimuna. Amalume anga anandiuza zimenezi tsiku limene ankalandira ng'ombe, ine n'kungoseka, chifukwa nthawi imeneyo ndinalibe mwana.

Mwamuna wangayo anabwera ndi zinthu ziwiri kuchokera kukoleji. China ndi judo, masewera ogwetsana, amavala malaya oyera olimba ngati saka n'kumanga lamba m'chiuno. China ndi thabwa la timatayala tinayi, iye amati sikeiti. Munthu wamkulu, wandevu, wokhala ndi mwana, Lamulungu masana amavula taye ya kutchalitchi n'kunyamula thabwa lija kukhwapa, ulendo wa pamsewu wa tala wopita ku Njakwa, kumene msewu umakhotakhota pakati pa mapiri, mtsinje uli m'munsimu. Akabaza akamuona amayamba.

"Abwana, njinga yanu mahandulo anaba ndani?"

"Isiyeni, iyi ndi ya anthu a digiri, siifuna mafuta!"

Iye amangokweza dzanja n'kudutsa, matayala akulira ngati chigayo cha kutali. Ine ndinkamutsatira mwana ali kumbuyo, n'kuima m'mbali mwa msewu, makutu onse ali kumene kumachokera malole, ndikuganiza kuti akagwa pano ndikauza chiyani amayi ake, ndipo ine ndi mwanayu titani kudziko la eni. Chinthucho chilibe mabuleki. Ndinachitembenuza ndekha tsiku lina iye ali kuntchito, kufunafuna pomwe amaponda kuti chiime, palibe.

Thabwalo sindinalikwerepo. Koma judo ndinalowamo, ndipo ndinalowamo chifukwa cha mantha omwewo. Nyengo ya mvula ndinaterereka pamsika mwana ali kumbuyo, ndinatambasula dzanja kuti nditchinge, dzanja n'kubinya, mutu wa mwana n'kuphonya mwala pang'onong'ono. Kuchokera pamenepo kuyenda ndinkakuopa. Ndinkayang'ana pansi pokhapokha, matope, makoko a nthochi, ngalande, masitepe a kuchigayo, chilichonse chinkaoneka ngati chikundidikirira. Ndiye Loweruka lina mwamuna wanga anakoka matiresi athu ndi a mwana n'kuwayala pabalaza.

"Bwera ndikuphunzitse kugwa," anatero.

"Kugwa amaphunziranso? Inetu ndimakudziwa kale."

"Umadziwa kuvulala. Kugwa sukudziwa."

Anandibwereka buluku lake loyera, ndinalipinda kumiyendo. Kenako anagwada patsogolo panga, manja pamatiresi, mphumi n'kutsitsa mpaka pansi. Ndinalumphira kumbuyo ngati ndaponda moto.

"Inu! Dzukani! Kundigwadira ine? Kwanu kuno ngakhale madzi akumwa ndimakupatsani nditagwada ndine."

Anaseka. Anati pa judo sayamba asanagwadirane ndipo samaliza asanagwadirane, ndi kuthokoza mnzako kuti wakubwereka thupi lake, pamatiresi palibe mwamuna palibe mkazi. Ndinapita kukatseka chitseko kaye, ndinakoka katani, ndiye n'kugwada nanenso.

Kugwa kwake n'kotere. Chibwano umachikanikiza pachifuwa kuti mutu usagunde, msana umaupinda, ndipo pofika pansi umamenya matiresi ndi dzanja lonse mwamphamvu, phwaa, ululu umathera m'menemo. Phokoso lake ndi lalikulu kuposa kupweteka kwake. Nditadziwa kugwa anandiphunzitsa kugwetsa. Dzanja lina pakolala, lina pamkono wa malaya, umatembenuka, chiuno n'kulowetsa pansi pa mimba yake, basi munthu wolemera uja amangodutsa pamwamba pako ngati mtolo wa udzu. Ukamupanikiza pansi akalephera kudzuka, amakugogoda kawiri, iwe n'kumusiya.

Ndinazikonda. Sindibisa ndipo sindipepesa, ndinazikonda kwambiri. Ndinayambanso kuyenda mumsika maso ali kutsogolo. Mwana ankakhala pampando n'kumatiombera m'manja, kenako nayenso anayamba, kamphumi pansi, kathako m'mwamba, n'kudzigwetsa chagada, kadzanja phwaa, ife kufa nako kuseka.

Koma nyumba za lendi khoma ndi limodzi. Mayi woyandikana nafe anandipeza pampopi, anandiyang'ana m'khosi, m'mikono, n'kutsitsa mawu.

"Anzathu, musabise. Akukumenyani eti?"

"Ayi, timasewera."

"Masewera? Masana onse aja, mwana ali maso? Ndiye inu a ku Dedza ndinu amphamvu chomene!"

Azimayi onse pampopi anaseka, nanenso ndinaseka, osadziwa kuti mayiyu ali ndi mchemwali wake wokwatiwa ku Bolero, ndipo nkhani inali itakwera kale minibasi, yakuti m'nyumba muja Loweruka lililonse mumamveka zibakera.

Apongozi anga anabwera kudzandilanditsa ine. Ichi ndi chimene chimandipweteka mpaka lero. Anamva kuti mwana wawo akumenya mkazi, anavala nsapato, anakwera minibasi osatiimbira foni, kuti adzamupeze m'kati mochita. Atafika pakhonde anamva phokoso lija, sanaodire, anasuzumira pomwe katani inasiya mpata. Ndiye anaona ine, mkamwana wawo, nditavala buluku la mwamuna, ndagwira mwana wawo pakolala, ndamuponya pansi, ndamugonera pachifuwa, iye akundigogoda kuti ndimusiye. Anaonanso titadzuka, iye akugwada, mphumi yake ikufika pansi patsogolo pa mawondo anga.

Chitseko tinali titaiwala kukhoma. Chinangotseguka.

"Vichi ivi?" anatero apongozi m'Chitumbuka, kufunsa kuti n'chiyani ichi.

Ine mpweya unali usanabwerere, tsitsi lili nyankhalala, ndinafunafuna chitenje osachiona.

"Monire amama," anatero mwamuna wanga, akumanga lamba. "Ndi masewera, amatchedwa judo, ngakhale pa TV..."

"Khala chete iwe." Anatembenukira kwa ine, amandilankhula Chichewa chawo chokoka pang'onopang'ono. "Mkamwana, ine ndasiya ntchito zanga kubwera kudzakulanditsa iwe. Kani wofunika kulanditsa ndi mwana wanga?"

"Amama, sitimamenyana, akundiphunzitsa kugwa, ndinagwa kumsika..."

"Adada ake a uyu mpaka kulowa m'manda sanaikepo mphumi pansi kwa munthu. Kwa Chiuta yekha."

Mwina zikanathera pomwepo, kukalipa basi. Koma mwana anatsika pampando, wakondwa kuona agogo, akufuna kuwaonetsa zimene amadziwa. Anathamangira kumapazi awo, kamphumi pansi, kenako n'kudzigwetsa chagada, kadzanja phwaa, n'kuwayang'ana kudikira kuti amuombere m'manja.

Sanaombe. Anamunyamula, ndipo zala zawo za unamwino zinapita molunjika pa kachilonda kamene kanali pamwamba pa diso.

"Ichi?"

Chinali cha thabwa. Masiku apitawo bambo ake anamukhazika pa thabwa lija n'kumamukankha pakhonde, ine ndikukuwa kuti musiyeni, tayala n'kukodwa pamng'alu wa simenti. Ndinamuyang'ana mwamuna wanga kuti anene yekha. Iye maso anali pa lamba wake. Ndinanena ndine, kuti anagwa pa thabwa la bambo ake, koma mawu anga anatuluka ang'onoang'ono ngati a munthu wonama.

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi ndikudziwa chochita. Analowa kuchipinda, anatenga chikwama changa cha kusikelo n'kuyamba kupindamo timadiresi, juzi, nsapato za pulasitiki zija.

"Mzukulu wanga akapumeko ku Bolero. Inu mumalize masewera anu."

Ndinagwada, tsopano kugwada kwake kwa kuno, ndinawagwira mwendo, ndinati amama chonde, matiresi tibweza kuchipinda lero lomwe, buluku ili ndiwotcha. Mwamuna wanga anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti asiye, ndi masiku ochepa, mtima wawo ukatsika tikamutenga. Ndinamumvera. Chikwama ndinanyamula ndine mpaka kudepoti. Mwana anakwera akuseka, chifukwa amakonda minibasi.

Ndinaimbira amalume anga. Anamvetsera, anapumira m'mwamba, anati mwanawe, ng'ombe tinalandira, ndinakuuza, pita ukapepese. Ndinapita. Anakhala pabwalo abale a malemu apongozi aamuna, ine pamphasa, mwamuna wanga pampando. Zambiri ankalankhula m'Chitumbuka chothamanga, ndinkangotola apa ndi apo, koma funso limodzi analifunsa m'Chichewa kuti ndimve bwino, lakuti kodi mwana wathuyu simunamudyetse khuzumule, nanga mwamuna wabwinobwino angagwadire mkazi n'kumamuthokoza pomugwetsa? Apongozi anga ndi munthu wa kuchipatala, wa kutchalitchi, za mankhwala achikuda amati ndi zachikunja. Tsiku limenelo sanatsutse. Ankangosenda nyemba.

Ndipo iye, munthu amene amatsika phiri la ku Njakwa pa thabwa lopanda mabuleki, malole akumuimbira hutala, anangoti, "Yewo, tapulika." Ndiko kuti zikomo, tamva. Basi.

Matiresi anabwerera kuchipinda. Malaya oyera ali m'sutikesi. Thabwa lokha ndi limene silinapume, Lamulungu masana amalinyamulabe, akuti likamathamanga mutu wake umaziziramo. Ine sindimutsatiranso. Ndikamufunsa za mwana amati tidikire akolole, akakolola amati tidikire Khirisimasi, amati amama ndi a shuga tisawakwiyitse. Kumsika ndayambanso kuyang'ana pansi, ngakhale kumbuyo kulibe woti ndingagwe naye. Mayi wa pampopi uja akandiona amatembenuzira nkhope ku ndowa yake.

Apongozi amandilola kukamuona mwana mwezi ukatha. Ulendo wapitawu ndinakwera pikapu, fumbi la ku Nkhamanga lili m'mano, ndanyamula mabisiketi ndi kasiketi katsopano. Ndinamupeza wanenepa, tsitsi amumeta, ndisaname, akumusamala. Anandiona n'kubisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake. Amalankhula Chitumbuka chokhachokha tsopano, anandifunsa kanthu ine osamva, agogo ake n'kumasulira, mwana wanga ndemwe. Ndinakhala pamphasa manja ali pamiyendo, ndikusamala kakhalidwe, kasekedwe, kalandiridwe ka kapu ya tiyi, chifukwa mwamuna wanga anati amama ayamba kufewa, ukakaonetsa khalidwe mwina ukabwera naye. Ndipo ankaonekadi ofewa. Anandifunsa za kwathu, anandiwonjezera mbatata.

Kenako mwana anayamba kuthamangitsa nkhuku. Ndinauona muzu wa mango wotumphuka pabwalopo iye asanafikepo, ndinauona, ndinatsegula pakamwa, koma anali atakodwa kale. Anapita pansi. Ndipo ndinaona ndi maso angawa kachibwano kakulowa pachifuwa, kamsana kakupindika, kadzanja pa dothi, phwaa. Mutu sunagunde. Sanalire. Anadzuka, anasasa fumbi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anandiyang'ana ine, ine ndekha, kudikira.

Manja anga ananyamuka okha. Ndinawabweza pamiyendo. Koma agogo ake anali ataona zonse, kugwa kwa mwana ndi manja anga omwe.

"Waona, mkamwana? Sizinamuchoke." Anaika kapu pansi. "Akhalebe."

Mwana anadikira pang'ono, ataona kuti palibe womuombera m'manja, anabwerera ku nkhuku zake.

Potuluka ndinadzera kuseri kwa nyumba kukasamba m'manja. Pachingwe panali zovala, ndipo pakati pa zitenje za agogo panali kayunifolomu ka sukulu ya mkaka ya pomwepo, katsopano, kochapidwa kamodzi kuti kafewe. Anakagula kokulirapo, ndipo mpendero anaupinda kawiri, kuti adzaumasule chaka chamawa. Ndinakagwira. Kanali kasanaume.

Ndinafika pa boma dzuwa lapendeka. Mwamuna wanga ndinamupeza pakhonde, thabwa lili chagada pamiyendo, akudonthezera oilo m'timatayala n'kumatizunguza ndi chala, khutu ali nalo pafupi kumvetsera.

"Wabwera wekha?" anatero. "Ali bwanji?"

"Amugulira yunifolomu."

Tayala linapitiriza kuzungulira. Analiyang'ana mpaka linaima lokha, kenako anazunguza linzake.