Nkhuni Zowambira Akampango a Atate

Senderani kuno, inu mwakhala kumpandako, mawu anga safika patali. Iwe Tadala mdzukulu wanga, gwira bwino cholemberacho, ulembe monga ndikunenera, usakometse. Ine sukulu ndinangoiona ndi maso, koma nkhani iyi ndi yanga, palibe angandikonzere.

Masiku ano ndimaona alendo a m'maloji muno ku Senga Bay akupita kuphiri m'mamawa, nsapato zikuluzikulu kuphazi, ndodo ziwiriziwiri m'manja, madzi kumsana. Akuti ayambire pa kaphiri kathu aka asanakayese mapiri aatali a ku Mulanje. Anyamata owatsogolera amandipatsa moni ngati munthu wosadziwa kumene njirayo imalowera. Ndimangowayang'ana. Njira imeneyo ndinaiponda amayi awo asanabadwe, wopanda nsapato, ndi chifuwa chimene mudzi wonse unali utachiweruza kale.

Ndikukumbukira ndinali ndisanavinidwe, zaka zake musandifunse. Ndinabadwa ndi mphumu. Ndikathamanga pang'ono, m'chifuwa munkalira ngati muli tiana ta mphaka, choncho dzina langa la Esinati linatayika, aliyense ankanditchula Wefuwefu. Atsikana anzanga ankapita ndi azimayi kuphiri kukatola nkhuni, ine ankandisiya pakhomo kuti ndiziingitsa nkhuku pathandala la usipa.

Inali nyengo ya dzuwa lija lowotcha mchenga, mvula isanagwe. Miyezi ingapo nsomba zinali zitasowa, ufa m'nyumba unali kumapeto. Ndiye m'mawa wina atate anatuluka m'nyanja bwato litadzaza akampango, ena aakulu ngati ntchafu ya munthu. Koma pokoka, munga wa kampango unawalasa m'dzanja lamanja, ndipo pofika kumtunda dzanjalo linali litatupa ngati dzungu. Amayi anali m'chikuta, kamlongo kanga kali ndi masiku anayi. Kampango ndi nsomba ya mafuta. Padzuwa lotero, ukapanda kumuwamba tsiku lomwelo, mawa lake wasanduka chakudya cha ntchentche. Ayezi tinalibe masiku amenewo. Ndipo pakhomo panali tinkhuni titatu tokha, tophikira phala la amayi.

Gulu la azimayi opita kuphiri linkatsogozedwa ndi azakhali anga a Nachisale, mlongo wawo wa atate, mayi wamtali wa pakamwa pakuthwa. Amuna a azimayiwo nawonso anali atapha nsomba, choncho aliyense ankafunira nkhuni khomo lake. Ndinapinda nsalu yakale kukhala nkhata n'kukaima kumbuyo kwa gululo. Azakhali anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe Wefuwefu, ukufuna tikasenze nkhuni kapena tikasenze iwe? Kakhale pansi. Zikatsala, mawa ndidzakugawirani."

Azimayi onse anaseka. Mawa! Atate anali pomwepo, atagwira dzanja lawo, ndipo sananene kanthu. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kuseka kwa azimayi aja, chifukwa ndinaona kuti nawonso akuvomereza.

Ndinadikira gululo libisike kuseri kwa mitengo ya mango, ndinatenga kankhwangwa ka amayi n'kulondola. Amayi sindinawatsanzike, akanandiletsa.

Azimayi akwathu ankakwera phiri ngati akuthamangitsidwa, kuti abwerere dzuwa lisanafike paliwombo, komanso kunali kudzionetsa kuti wamphamvu ndani. Inenso ndinati nditero. Sindinafike ndi pamwala waukulu woyamba, chifuwa chinatseka. Ndinakhala pansi, m'maso muli timadontho takuda, m'makutu mukulira. Kumunsi ndinkaona denga la nyumba yathu, lapafupi kwambiri moti ndinachita manyazi. Ndinalira, koma sikunali kulira kwa mantha ayi, kunali kwa mkwiyo.

Ndili pomwepo panatulukira a Matiki, mlonda wa kuhotela, akutsogolera mzungu wonenepa ndi mkazi wake, amene anali asanakwerepo phiri chibadwire. A Matiki kwawo kunali ku Mulanje. Ankatiuza kuti ali mnyamata ankanyamulira alendo katundu mpaka pamwamba pa phiri lakwawo, kumene mitambo imakhala kunsi kwa mapazi ako ndipo madzi amatha kuuma ngati mwala. Ife ana tinkati ndi abodza. Tsiku limenelo atatuwo ankayenda ngati akuperekeza maliro.

A Matiki anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndinawauza. Anamvetsera m'chifuwa mwanga mmene munkalirira, n'kunena kuti ndipume kenako ndibwerere kunyumba.

"Sindibwerera, bambo. Nsomba za atate ziwola."

Ndinkadikira kuti aseke. Sanaseke. Anakanda m'mutu, analankhula kanthu ndi alendo awo m'Chingerezi, kenako anati, "Ndiye imirira. Uziponda pamene ndapondapo. Phazi lisamapite kutali ndi linzake. Tseka pakamwa, uzipumira m'mphuno. Ukaona kuti ukulephera kundiyankha ndikakufunsa, dziwa kuti wathamanga."

Tinanyamuka. Njira yonse ankandifunsa maina a nsomba, kuti chambo amadya chiyani, kuti mpasa amakwera mtsinje mwezi uti, ati iwo ndi munthu wa kumapiri, za m'madzi sazidziwa. Ndinazindikira ndili wamkulu kuti nsombazo analibe nazo ntchito, ankangomvetsera mpweya wanga. Pokwera kwambiri sankalunjika, ankakhotakhota ngati njira ya mbuzi. Popuma ankatiletsa kukhala pansi, ati miyendo ikazizira imakana kudzuka, choncho tinkapuma chiimire, dzanja pamtengo. Ndinkachita manyazi ndi kayendedwe kameneko, ngakhale bilimankhwe akanatipitirira. Koma tiana ta mphaka tija m'chifuwa tinayamba kugona kamodzikamodzi.

Pakati pa phiri tinakumana ndi gulu la azakhali likutsika, mitolo pamutu, thukuta lili kamukamu. Iwo ankatolera pomwepo, pamene aliyense amatola, moti nkhuni zake zinali zing'onozing'ono.

"Taonani, Wefuwefu wapeza azungu oti amubereke," anatero azakhali. "Ukakagwa kumeneko usakaitane dzina langa."

Ndinawapatukira njira mwaulemu, ndinawomba m'manja monga mwana, koma sindinabwerere.

Pamwamba panali mphepo yozizira imene ndinali ndisanaimvepo. Nyanja yonse inali pansi panga, mabwato ngati makoko a mtedza. Koma ine maso anga anali pa nkhuni. Nthambi za muwanga zouma gwa, zonenepa, zinali mbwee, chifukwa azimayi sankafika kumeneko. Alendo aja akudya buledi wawo, ine ndinadula, ndinasenda luzi, n'kumanga mtolo. Apa ndi pamene ndinapusira, lemba ndithu Tadala, usabise. Ndinamanga mtolo woposa wa azakhali. M'mutu mwanga munalibenso nsomba, munali nkhope yawo pondiona ndikulowa m'mudzi.

A Matiki anandiuza kuti ndichotseko, ati kukwera n'kwa chifuwa koma kutsika n'kwa mawondo. Ndinakana. Anandiuzanso, ndinakanabe. Ndiye anati chabwino, n'kunditwika, iwo ataima kumunsi kwanga. Ndinaponda kamodzi, kawiri, kachitatu mawondo anayamba kunjenjemera ngati a mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Mtolo unapendekeka, unagwa, luzi linaduka, nkhuni ina inanding'amba pamsongolo apa. Chipsera chake ndi ichi, mungathe kuchigwira. A Matiki anandigwira pamkono kuti ndisagubuduke. Sananene kuti ndinakuuza. Anadikira ndipukute magazi ndi tsamba, kenako anandifunsa motsitsa mawu.

"Mwana iwe, ukufuna azakhali ako akuone, kapena ukufuna nsomba ziwambidwe?"

Ndinagawa nkhunizo pawiri. Theka ndinabisa pansi pa mwala, theka ndinasenza, n'kutsika chammbali monga anandionetsera, phazi limodzi kudikira linzake.

Ndinalowa m'mudzi dzuwa litadutsa paliwombo. Azakhali anali atagona pamkeka pakhonde pawo, miyendo itawawa. Ataona kamtolo kanga anadzutsa mutu n'kufunsa ngati ndabweretsa nkhuni zowotchera mbewa. Ndinadutsa. Atate anali atatumbula nsomba ndi dzanja lamanzere, azithira mchere, ntchentche zayamba kale kuzungulira. Ndinakoleza moto pansi pa waya wowambira, tinayalapo zoyamba, ndinamwa madzi chikho chimodzi, n'kutolanso nkhata yanga. Atate anati ndikhale, ndachita zokwanira.

"Atate, theka lina likundidikira."

Ulendo wachiwiri ndinali ndekha, dzuwa likuwotcha miyala moti mapazi ankapsa. Panalibe wondifunsa mafunso, choncho ndinkadzifunsa ndekha mokweza n'kumadziyankha, chambo, mpasa, mlamba, ncheni, anyani atakhala pamiyala akundiyang'ana ngati wamisala. Kawiri chifuwa chinafuna kutseka. Ndinaima, dzanja pamtengo, mpaka chinandilola. Nkhuni ndinazipeza pomwe ndinazisiya.

Pobwerera ndinadzera dala pakhonde pa azakhali, ngakhale panali njira ina yachidule. Anayang'ana mtolo wachiwiriwo, anayang'ana utsi umene unkafuka kwathu, anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Muwanga suthamanga pamoto. Mitolo iwiriyo inakwanira nsomba zonse, n'kutsalako. Koma akampango anayi a pansi pa mulu anali atafewa kale, tinakataya kutchire. Palibe anandidzudzula, koma ine ndimadziwa kuti anayiwo anawola nthawi imene ndinataya pomanga mtolo wodzionetsera uja. Otsalawo atate anawatumiza panjinga ku msika wa ku Salima, ndipo kunabwera chimanga chimene chinatifikitsa mpaka mvula. Masiku awiri otsatira chifuwa chinandilanga, amayi akundikalipira kwinaku akundifungatira. Tsiku lachitatu ndinapindanso nkhata n'kukaima kumbuyo kwa gulu. Palibe anandibweza. Ndinkawasiya athamange, tinkakumana kumudzi.

Atate dzanja linapola koma chala chimodzi chinapindika mpaka imfa yawo. Kakhanda kaja lero ndi bambo wa imvi, ali ndi okala ku Salima. Azungu aja sindinawaonenso. A Matiki, hotela itasintha eni ake, anabwerera kwawo ku Mulanje, ndipo ndinangomva kuti anatisiya. Sindinawathokoze bwinobwino, ndinali mwana wouma mutu. Azakhali sanapepese, sanali munthu wopepesa. Mawondo awo anatha msanga ndi mitolo ikuluikulu yotsika nayo mothamanga ija, moti zaka zawo zomaliza sankafika ndi kuchitsime. Nkhuni ndinkawatolera ndine, timitolo tating'ono, ndipo nthawi zonse ankadandaula kuti n'zaziwisi.

Ine ndilipo, chifuwa chikulirabe, kuchipatala anandipatsa kopopera m'kamwa. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti amene ankati sindingathe sankanama dala, ankangondiyeza ndi liwiro lawo, ndipo inenso ndinagwa pamene ndinadziyeza ndi mtolo wawo. Phiri silinandifunsepo za chifuwa changa. Ankafunsa ndi anthu, ndipo ambiri a iwo ndawaperekeza kumanda, pang'onopang'ono, ndi kayendedwe kanga komweka.