Wayilesi ya Pansungwi

M'masiku a Chitaganya ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya mishoni cha ku Chipangali. Ndinali nditangokwatira kumene, koma mtima sunakhazikike. Ku Fort Jameson ndinazolowera kuima pakhomo pa sitolo n'kumamvera wayilesi. Kuno nkhani zinkabwera ndi anthu a panjinga, zitasasa kale.

Mlamu wanga, amene ankakonza mawayilesi kutauni, anandipatsa waya wamkuwa, kamwala konyezimira ndi zomvera zovala m'makutu kuti ndipange wayilesi yangayanga. Anati ndikulunge wayayo pansungwi pawiri, mkulungo wina wopita ku waya wa mumtengo, wina wopita ku kamwala.

"Ntchito yonse ili pampata wa pakati pa mikulungoyi, alamu," anatero. "Ikayandikana kwambiri, masiteshoni amalankhulira pamodzi. Ikatalikirana, mawu amathawa."

Ndinapachika waya mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ndikangoweruka ndinkathamangira pakhonde, choko chikadali m'manja. Ndikakankha mkulungo pang'ono, Lusaka inkamveka chapansipansi, koma itasakanikirana ndi Chipwitikizi ndiponso kulira konga kwa nyenje. Ndikabweza, zii. Ndinamasula n'kukulunganso mpaka zala zinachita matuza. M'kalasi ana akamawerenga, ine maganizo anali pansungwi ija. Aphunzitsi anzanga ankandifunsa ngati Chitaganya chitha, ine n'kumawayankha ndi mawu oduka amene ndatola: msonkhano, nduna, mawa.

Mkazi wanga ankakhala potero akusenda nshawa, n'kumandiyang'ana.

Tsiku lina Lamulungu, titabwera kutchalitchi, mawu anabwera okhaokha, oyera. Inali nyimbo ya Chinyanja, ya gitala. Ndinaitana mkazi wanga n'kumuveka zomvera zija. Anapendeketsa mutu, kenaka anayamba kugwedeza phazi.

Ine ndinkaona ngati mkulungo ungasunthe kadontho chabe, nyimbo imveka bwino koposa. Dzanja linayamba kupita lokha.

"Bambo, manja anuwo aikeni m'thumba," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Ndinawaikadi m'thumba. Ndinayenda pakhonde uku ndi uku, ndinatsikira pabwalo, ndinakafika pamango n'kubwerera. Nyimbo itatha anavula zomvera, nati woimbayo mawu ake ngofanana ndi a malume ake a ku Mtenguleni, n'kubwerera kunshawa zake.

Mvula itayamba, ziphaliwali zinkathetheka m'makutu ngakhale kunja kuli ngwee, moti nkhani sizinkamvekanso. Ndinatsitsa waya mumtengo, ndipo sabata yomweyo ndinakapempha abusa kuti andisamutsire kufupi ndi tauni.