Dzina Limodzi la Ana Awiri

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene awo a amuna anga, ndimamuchitira nsanje mpaka lero.

Ndinachoka ku Balaka kudzaphunzitsa kuno ku Chitipa, n'kukwatiwa ku Wenya. Mwana wanga woyamba anafika msinkhu woyamba sukulu asanatchulepo ngakhale "amayi". Akakwiya ankadziluma dzanja mpaka magazi. Mwana wa mlamuyo naye anali ndi zakezake: sankayang'ana munthu kumaso, phokoso la chigayo ankalithawa. Koma kuyankhula ankayankhula, Chitumbuka ndi Chichewa chomwe, ndipo masamu ankaposa kalasi yonse.

Tinapita nawo limodzi kuchipatala. Adokotala atawayeza anati onse awiri ali ndi otizimu. Ndinawafunsa ngati sanalakwitse. Anati kale ana ngati wa mlamuyo ankawapatsa dzina lawolawo, koma masiku ano anangophatikiza, kungoti wina zimamukulira, wina zimamuchepera.

Za kukula ndi kuchepazo zinatsala kuchipatala komweko. Kumudzi kunafika dzina lokha.

Apongozi anga aakazi sanachedwe. "Mkamwana," anatero, "matenda ndi amodzi. Wa mnzanu akuyowoya, wanu ali chete. Ndiye vuto lili pati?" Anati ndimaswera ndi ana a eni kusukulu, wanga osamuphunzitsa. Mlamuyo anali pamkeka pomwepo, maso pansi, ndi ulemu wake uja wonditopetsa. Kutchalitchi amayi ankamutama kuti ndi wopirira. Wopirira chiyani? Anachapapo zofunda za mwana wamkulu m'mamawa uliwonse, m'chisanu cha Juni chino? Anathamangapo m'minda ya anthu chitenje chili m'manja, kusaka mwana woti sungamuitane n'kuvomera? Mavuto ndinkasenza ine, chiyamiko chinkapita kwa iye.

Kuno ana ndi a banja la kuchimuna, malowolo anaperekedwa. Banja linagamula kuti mwana wanga akakhale kwa mlamu teremu yonse, akatolere mawu kwa mnzake. Amuna anga anangoti tiyese. Ndinalalata, ndinalira, osaphula kanthu.

Mlamu anabwera ndi njinga kudzamutenga. Ndinaima pakhonde kudikira kuti mwanayo akuwe, adzigwetse pansi, onse aone kuti pali mayi mmodzi yekha amene amamutha. Ndinkafunitsitsa zimenezo ndi mtima wonse. Iye anangokwera pakaliyala phee, n'kumukumbatira mlamuyo m'chiuno, tsaya lili pamsana pake. Ine chibadwire chake sanandigwirepo choncho.