Maluwa Amene Ndinaika pa Chithunzi cha Amalume

Ndinadzuka kusanache pa mphasa imene anandiyalira kuseri kwa nkhokwe. Abambo amene anachezera pamoto anali atagona chokhala, atadzikuta m'majekete, ndipo m'nyumba ya siwa amayi ankaimbabe ndi mawu osasa. Limeneli linali tsiku loika m'manda amalume anga, mlongo wawo wa amayi anga, kumudzi kwathu ku Zingalume.

Ndiyenera kudziwitsa owerenga za udindo umene ndinali nawo. Ine ndimajambula kanema wa maukwati ku boma la Chadiza, ntchito imene ndinadziphunzitsa ndekha. Msuweni wanga, mwana wamkazi wa malemu, amagwira ntchito ku Joni ndipo mapepala ake sanamulole kubwera. Kaamba ka ichi anandipempha kuti ndiulutse mwambo wonse pa intaneti, kuti iye ndi abale a ku Lusaka aonerere pa foni pamene zinthu zikuchitika. Makamaka anandipempha kuti ndimuonetse amayi ake.

Pulogalamu ya pa laputopu imene ndimagwiritsa ntchito imasanjikiza zithunzi monga mabulangete pabedi, lapamwamba kubisa lapansi. Pansi penipeni pamakhala zimene kamera ikuona. Pamwamba pake ndinaikapo chithunzi cha malemu, choti chizionekera pa nthawi zosayenera kuonetsa anthu. Gawo lililonse lili ndi kachizindikiro ka diso, ndipo ukakadina gawolo limabisika kapena kuonekera.

Chithunzi chooneka bwino cha amalume chinali chimodzi chokha. Anajambulitsa atakoleka dzanja paphewa la akazi awo, amene ine ndimawatchula kuti azakhali. Azakhaliwa ndi a banja limene linathawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo alongo a malemu sanawalandirepo ndi mtima wonse chiyambire. Dzulo lake amayi anga anayang'ana chithunzicho nati, "Maliro ndi a mlongo wanga. Uyo umuchotsepo." Sindinatsutse. Popeza kudula kukanachotsanso dzanja la malemu, ndinatenga chithunzi cha maluwa oyera ndi kuchiika ngati gawo lachitatu, kudzanja lamanja, pamene panali azakhali. Ndinadziuza kuti ndakongoletsa.

Kutacha, moto unayatsidwa pamafuwa kuseri kwa nyumba, ndipo utsi unadzaza bwalo lonse. Anthu anayamba kufika, ambiri wapansi, ena panjinga, ena pangolo. Minibasi imodzi inatsitsa abale a ku Chipata pamsewu, nabwera akulira kuyambira komweko. Inali nyengo yotentha, kumwamba kopanda mtambo. Pa mapemphero a pakhomo ntchito inayenda mwadongosolo. Ndikafuna kuonetsa kamera ndinkatseka maso awiri, la chithunzi ndi la maluwa, ndipo ndikafuna chithunzi ndinkawatsegula onse awiri.

Bokosi lisananyamulidwe, ndinapempha chilolezo kuti nditsogole kumanda. Ndinamanga batire ndi laputopu panjinga, ndipo ndinaimika kamera pafupi ndi chulu, pamene netiweki imagwira. Adzukulu okumba manda anali atakhala pamulu wa dothi. Mmodzi anati, "Abwana a kanema, munditenge mbali iyi yopanda chipsera, mwina ku Joni kupezeka wondifuna." Mnzake anayankha kuti ku Joni makasu ali nawo kale. Ine sindinaseke, poti ndinkadziona ngati munthu wa paudindo.

Gulu linafika pang'onopang'ono, kwaya patsogolo, bokosi pamapewa a abambo amene ankalandizana, amayi pambuyo. Fumbi linakwera mpaka m'mitengo ya kumanda. Pamene ankatsitsa bokosi, akuluakulu anandikodola kuti zimenezo zisaoneke, ndipo ndinabwezera chithunzi ndi maluwa ake. Zinakhala choncho kufikira manda atakwiriridwa.

Kenaka woyendetsa mwambo anaitana namfedwa kuti ayambe kuyala nkhata. Ndinadina diso la chithunzi kuti kamera ionekere. Diso la maluwa ndinaliiwala. Dzuwa linkawala pagalasi la laputopu kotero kuti sindinkaona bwino, komanso maso anga anali kumanda. Azakhali anabwera atagwiriziridwa ndi amayi awiri, nagwada kudzanja lamanja kwa manda, pamalo enieni amene maluwawo ankaphimba.

Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa msuweni wanga: "Asuweni, amayi ali kuti? Ndikungoona maluwa ndi mapazi."

Pofulumira ndinadina maso onse awiri, maluwa nabisika, chithunzi nichionekera. Motero aliyense woonerera anaona amalume atakoleka dzanja paphewa la akazi awo, onse awiri akumwetulira, pa chithunzi chomwe chija chimene kuyambira m'mawa chinali ndi maluwa mbali imodzi. Pamene ndinkakonza, azakhali anali atayala kale nkhata yawo ndipo anali atabwezedwa pakati pa amayi. Uthenga wachiwiri unali waufupi: "Kani maluwa aja anali a pamenepo."

Ndinapitiriza kuulutsa nkhata za alongo a malemu, za mpingo ndi za anzawo a kumunda, zonse zikuoneka bwino lomwe. Ndikutsimikiza kuti pulogalamu inalibe vuto lililonse. Inaonetsa zimene ine ndinaisanjikizira.

Titabwerera kumudzi anthu anasamba m'manja, anadya, nayamba kutsanzikana. Ngolo zinachoka dzuwa litapendeka. Amayi anga anandiyamikira kuti a ku Lusaka aona zonse, ndipo ine ndinangoyang'ana pansi. Ndinazengereza pomanga zingwe za kamera mpaka pabwalo panatsala agalu ndi phulusa.

Madzulo ndinapita kunyumba ya siwa ndi kugwada pakhomo. Azakhali anali atakhala pansi atatsamira khoma, foni ili pamiyendo. Ndinadziwa kuti mwana wawo waimba kale. Ndinayamba ndi mawu amene ndinakonza m'njira, akuti ndabwera kudzapereka chipepeso pa cholakwika chimene chinachitika pa kayendetsedwe ka zithunzi. Anandidula modekha.

"Mwatopa, bambo. Mwadya?"

Ndinati ndadya.

"Mwana akuti sanandione ndikutsanzikana ndi atate ake. Ndamuuza kuti ndinagwada, ndinayala, ndinadzuka. Wamva." Anakonza duku lawo pang'ono. "Koma maluwa timaika pa amene wapita. Ine ndikadalipo, mukawauze amayi anu."

Ndinavomera ndi mutu. Amayi awiri amene anatsala kuwaperekeza anali atagona pamphasa, nkhope kukhoma. Mipando yonse inali idakali panja, ndipo pakati pa nyumba, pamene panali bokosi, panali posesa bwino. Ndinakhalabe chogwada pakhomopo mpaka nkhuku zitalowa m'khola, kenaka ndinadzuka kupita kumene kunali amayi anga.