Jezi ya Nambala Sikisi

Ba Keziah Mwanza ndinakhala nawo pamsika wa Kabwata zaka naini, iwo pa mashini yosokera, ine pa tomato wanga. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Wapakamwa ndine, msika wonse ukudziwa.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Edmond, ankasewera mpira m'timu ya anyamata a kutchalitchi kwathu, nambala sikisi. Majezi a timuyo anasoka ndi Ba Keziah, ndipo ankawasunga kunyumba kwawo ku Kanyama.

Mvula ya mu 1978 ija madzi anasefukira m'Kanyama. Nyumba yawo ya zidina zosawotcha inanyowa kuyambira pansi, ndipo khoma linagwera Edmond akutulutsa katundu. Majezi anapita ndi matope. Titaika maliro, Ba Keziah anasamukira kwa mlongo wawo ku Chilenje, patatha sabata ziwiri n'kubwerera pa mashini. Sanalire pamaso pathu, dzina la mwanayo sanalitchulenso. Ukawapatsa moni ankangoti tilipo, maso ali pa singano. Zinkandiopsa, kunena zoona.

Ba Norbert, mphunzitsi wa timuyo, anazungulira Lusaka yonse pa njinga kupempha thandizo la majezi atsopano. Ku Kabulonga, kwa anthu olemera, anathera pa mageti. Ku mafakitale anawapatsa matumba ochepa a ufa, a nsalu aja, opanda kanthu. Anabwera nawo kumsika mwamanyazi, nafotokoza kuti Loweruka kuyamba mpikisano wa matchalitchi, ndipo timu yopanda majezi khumi ndi imodzi ofanana silowa m'bwalo.

Ba Keziah sanayeze munthu. Mapewa a anyamata onsewo ankawadziwa pamtima. Anawiritsa matumba, kuwanyika mu utoto wobiriwira, kudula, kusoka, masiku anayi. Nsalu inathera pomwepo, osatsala ndi kachigamba komwe.

Lachisanu masana timu inabwera kudzayesa. Aliyense anatola jezi yake, ndipo patebulo panatsala imodzi, yaitali ndi yopapatiza, monga analili Edmond. Manja a mayi ake anali atadula okha mwachizolowezi. Fabian, mnyamata amene analowa m'malo mwake, anabisa manja kumbuyo. Kwathu chovala cha malemu sichivalidwa achibale asanachigawe, ndipo anyamata onse anagwirizana kuti jeziyo ndi ya Edmond. Ba Norbert ananyengerera, anakalipa, anatchula ndi ansembe omwe, koma ayi ndithu. Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mpira sudyedwa, adikire chaka chamawa, asiye kuzunza namfedwa. Palibe anandimvera.

Ba Keziah anaimitsa mashini. Anatenga jeziyo n'kuiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufunafuna polakwika.

"Sanaivalepo iyi," anatero. "Ninasoka pa Chitatu. Edmond tinamuika mu Febuluwale."

Aka kanali koyamba kumva dzinalo pakamwa pawo chichitikire ngoziyo, ndipo analitchula ngati akunena muyeso wa thalauzi.

Anaitana Fabian namuyeza ndi tepi, yekhayo m'timu yonse. Anali wamfupi, wa mapewa aakulu. Ba Keziah anatenga lezala, kudula ulusi wa m'mbali, kufupikitsa jeziyo, ndipo nsalu yochoka m'munsi anailumikiza m'mbali kuti ikule. Nambala anaisiya momwemo. Fabian atavala inamukwana, ndipo anzake anavomera.

Loweruka anyamata analowa m'bwalo. Ba Keziah sanapite, anali ndi yunifolomu ya mwana wa munthu yoti amalize. Madzulo ndinawapeza akusonkhanitsa zoti aweruke, ndinawauza kuti timu yasewera bwino, majezi anthu awayamikira.

Anagwedeza mutu, akupinda tepi yawo.

"Manje kulibe chovala cha saizi ya Edmond," anatero. "Jezi ija ndiye inali yotsala."

Anaphimba mashini, ndipo tinapita kukadikira basi ya ku Chilenje.