Ambulansi inanyamuka ine ndikudikira akuchimuna

Inu owerenga, umasiye wangawu ndinaupeza chifukwa cha ulemu. Ndinakhala pansi kudikira chilolezo pa nthawi yofunika kuthamanga.

Amuna anga anali mkamwini kwathu, kufupi ndi Chiringa. Ali mnyamata ankapha nsomba ku Chilwa, ndipo likodzo ankangolitenga ngati chimfine. Tsiku lina tikuthyola nandolo anangogwada n'kuyamba kusanza magazi, osati madontho ayi, koma ngati pozingira mbuzi. Ndinawakweza pa kabaza mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu.

Adokotala a pamenepo sindingawanamizire. Amuna anga anawaika diripu, ine n'kundiuza mosabisa kuti mwina likodzo lakale lija linawononga chiwindi, ndiye mitsempha ya kum'mero yaphulika. Anati iwo alibe magazi owonjezera wodwala, koma kuchipatala chachikulu cha m'tauni aliko, komanso kuli kapaipi ka kamera kamene amalowetsa pakamwa n'kumanga mtsempha wophulikawo. Masana a tsiku lomwelo ambulansi inkabwera kudzatenga bambo wina wogulitsa matemba, wa matenda omwewa, ndipo malo analipo.

Paja kwathu mkazi supita kutali ndi mwana wa eni abale ake asanavomere. Akakafera komweko ukayankha chiyani? Ndinaimbira amalume awo, omwe ndi ankhoswe, foni osagwira. Amene anafika ndi alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, mayi woti akayamba kulankhula ngakhale nkhuku zimasiya kutola. Anapeza kusanza kwaleka, odwala akumwa phala.

"Chipatala n'chipatala, diripu ndi yomweyi," anatero. "Mukufuna akafere kwa eni, tivutike kunyamula maliro? Dikirani amalume."

Ndinawauza kuti chimbudzi chikutuluka chakuda ngati phula, ndipo adokotala akuti chimenecho ndi chizindikiro choti magazi akutayikabe m'kati. Alamuwo anandifunsa ngati amene anabadwa mimba imodzi ndi odwalawo ndine. Amuna anga anangotseka maso, mphamvu zolowerera analibe. Ine ndinakhala pansi kudikira amalume. Ambulansi inanyamuka ndikuiona, mkazi wa bambo wa matemba uja atakhala pambali pa mwamuna wake. Iye sanafunse munthu.

Amalume anafika m'mawa mwake atatchena jekete, n'kuvomera mosavuta, koma ambulansi inali itapita kwina. Tikudikira, magazi anayambiranso, ndipo ulendo uno sanaleke. Adokotala anachita kufinya diripu ndi manja kuti ithamange, koma madzi si magazi. Amuna anga anatsirizika atagwira chitenje changa.

Pamaliro alamu anga omwe aja analira mokweza kuti mudzi wonse umve: "Mlongo wanga ine, anakusunga pa kachipatala kopanda magazi ngati ulibe abale!" Anthu anatembenuka kuyang'ana ine. Amalume anangoweramitsa mutu, osanditeteza ndi liwu limodzi lomwe. Mtima umandiwawa mpaka lero, ndipo kunena zoona sindinawakhululukire onse awiri.

Bambo wa matemba uja anabwerako wamoyo. Amadutsa pakhomo panga pa njinga akuitanira malonda, ndipo ana anga amawagula ndiwo osadziwa kanthu.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, zipatala sizifanana. China chimangogwiriziza, china chimatseka pamene pakutuluka magazipo. Munthu akasanza magazi musanyengeke poona kuti kwaleka. Adokotala akati pitani, kwerani, akuchimuna muwaimbire muli m'njira. Kukunenani adzakunenani ndithu, bola akuneneni mwamuna wanu ali moyo.