Nyimbo Yolembedwa Kuseri kwa Pepala

Inu amene mukuona ngati zanu zatha, tamverani izi.

Lachiwiri lina mu Novembala 2010, Scholastica Kaliwo anadzitsekera m'chimbudzi cha holo ina mumzinda wa Dublin ku Ireland, atagwira mapepala anayi a nyimbo. Inali 1 koloko masana. Pokwana 2 koloko ankayenera kuimba nyimboyo pamaso pa mkulu wa sewero, koma pamapepalawo sankatha kuwerengapo kalikonse.

Scholastica anakulira ku Nguludi, kumene ankaimba sopurano m'kwaya ya kutchalitchi kuyambira ali wamng'ono. Ku Ireland ankasamalira okalamba panyumba ina ku Crumlin, koma mtima wake unali pasiteji, pa masewero aja amene nkhani yake imayenda ndi nyimbo. Kwa zaka zinayi anayenda m'maodishoni, kumene amayesa oimba ofuna malo, mpaka nsapato kutha. Kulikonse ankamuuza kuti mawu ake ndi okoma, amuimbira foni. Foniyo sinkalira.

Zaka zimenezo chuma cha Ireland chinali chitagwa chagada. Masewero anachepa, ndipo oimba ambiri ankathawira ku Australia. Sopurano wamkulu wa kagulu kena ananyamukanso, kutatsala masiku 12 okha kuti sewero lawo liyambe. Mayi Evelyn, mkulu wa gululo, anakumbukira mtsikana amene anamumva akuimba paukwati ku Clondalkin, ndipo anafunafuna nambala yake.

Pafoni anamufunsa funso limodzi lokha, ngati amawerenga nyimbo, chifukwa nthawi yophunzitsa munthu ndi khutu panalibe. Scholastica anavomera mosazengereza, ndipo sananame ayi. Kwathu kuwerenga nyimbo ndi kuwerenga do, re, mi, zilembo zolembedwa ndi choko pabolodi, ndipo zimenezo ankaziimba atangoziona. Kumaodishoni munthu amapita ndi nyimbo yakeyake, choncho palibe amene anali atamupatsapo pepala.

Manejala wa kuntchito anamuuza mosapita m'mbali kuti akachoka milungu isanu malo ake apatsa wina, poti ofuna ntchito anali mbwee. Lolemba Scholastica anasiya ntchito. Lachiwiri anamupatsa mapepala a mizere isanuisanu yokhala ndi timadontho takuda, ngati mbalame zotera pa mawaya a magetsi.

M'chimbudzimo anaganiza zothawa. Anali ndi mantha, ndipo manyazi ankaposa manthawo. Koma athawire kuti, ntchito ataisiya dzulo lomweli? Anasukusula kumaso n'kutuluka.

M'holomo munali Mayi Ursula okha, oimba piyano, munthu wachikulire wosasekaseka, akudya sangweji. Scholastica anafika pambali pa piyanoyo n'kugwada monga timachitira kwathu.

"Tadzukani mwana inu, pansipo n'pozizira," anatero Mayi Ursula modabwa.

Anawauza zonse ali chigwadire. Mayi Ursula anapukusa mutu, n'kunena kuti Evelyn sakhululukira munthu womutayitsa nthawi, makamaka chaka ngati chimenecho, pamene gulu lonse linkadalira sewero limodzi lokha. Scholastica sanapemphe kuti akamunenerere. Anangopempha kuti amuimbire papiyano pang'onopang'ono, mzere umodziumodzi. Mayiwo anayang'ana wotchi, inali 20 pasiti 1. Anaika sangweji pambali monyinyirika.

Piyano inalira. Scholastica anatembenuza pepala n'kuyamba kulemba kuseri kwake ndi pensulo: s, m, m, d. Atalemba mizere iwiri, piyano inasiya.

"Anakuphunzitsani zimenezi ndani?"

"A kwayamasitala athu, mayi. Iwowo anaphunzira kwa masisitere."

Mayi Ursula anavula magalasi. Ananena kuti nawonso anaphunzira zomwezo kwa masisitere, pasukulu ya kumudzi m'boma la Mayo, zaka zoposa 50 zapitazo, rula ili pafupi kudikira wolakwitsa. Sankaganiza kuti adzazionanso. Anasiya kuimba, n'kuyamba kumutchulira zilembozo pakamwa, pensulo ikuthamanga ngati ya mwana wa pamayeso.

Anamaliza pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu. Akuti agwire lachinayi, chitseko chinatseguka. Mayi Evelyn anali atafika kutatsala mphindi khumi.

Anatola pepala limodzi, analitembenuza, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Munandiuza kuti mumawerenga."

"Ndimawerenga, mayi. Zanga ndi izi. Zanuzo sindinaphunzire, ndipo sindinkadziwa kuti mukunena zimenezo."

Mayi Evelyn sanasinthe nkhope. Anamuuza kuti 3 koloko kukubwera woimba wina, wa kukoleji ya nyimbo, ndipo kuti anali atangomusunga kuchitira kuti mwina Scholastica alephera.

"Imbani. Mukaima panjira sitibwereza."

Anayamba. Mawu anatuluka akunjenjemera, koma pofika mzere wachitatu anakhazikika. Pepala loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Pa lachitatu maso ake ankaona zilembo zikutha, ndipo ankadziwa kuti kutsogoloko kulibe kanthu, komanso kuti kumeneko ndi kumene nyimbo imakwera.

Zilembo zinatha.

Pomwepo Mayi Ursula anachotsa dzanja lamanja papiyano, lamanzere likuimbabe, n'kukunga chibakera m'mwamba. Abale inu, Scholastica anangotsala pang'ono kulira. Chibakera ndi do. Umo ndi mmene a kwayamasitala ankawaimbitsira choko chikatha, liwu lililonse ndi chizindikiro chake cha dzanja. Chikhatho chinayala chafufumimba, iye anaimba mi. Chinaima cham'mbali, anaimba so. Anaiwala za Mayi Evelyn, anaiwala za 3 koloko, maso ali pa dzanja lamakwinya lija basi. Chala chinaloza kudenga, kenako chibakera chinakwera mpaka kupitirira mutu wa mayiwo. Scholastica anakoka mpweya n'kulifikira liwu lapamwambalo, ndipo analigwira mpaka dzanja linatsika.

Mayi Evelyn sanaombe m'manja, sanamwetulire. Anapita pachikwama chawo, anatulutsa buku la nyimbo zonse 17 za sewerolo, n'kuliponya papiyano.

"Ursula, kuzilemba zonsezi m'zilembo zakezi, masiku angati?"

"Atatu."

"Ndakupatsani awiri." Kenako anatembenukira kwa Scholastica. "Koma inu, mizere isanuyi muiphunzira, mufune musafune."

Anatuluka panja kukaimbira foni woimba winayo kuti asavutike kubwera. Scholastica anangokhala pansi pomwepo, misozi ili chuchuchu.

Sewerolo linayamba pa tsiku lake, iye ali kutsogolo. Mizere isanu ija inamutengera zaka ziwiri, Loweruka lililonse kunyumba kwa Mayi Ursula, ndipo kangapo konse ankabwerako atakwiya, akuti mutu wake ndi wouma. Koma anaidziwa. Pambuyo pake anaimba m'masewero ena asanu ndi limodzi, ndiponso m'makonsati ku Cork, ku Galway ndi ku Belfast.

Tsono inu amene mukubisa zimene mukudziwa chifukwa sizikufanana ndi za eni dziko, lekani kuzibisa. Pamene simukudziwa nenani zoona, ngakhale mawu akunjenjemera. Mtima usagwe ayi. Imbani mpaka nyimbo ithe.